Zimene Kennedy anapereka kuti mizinga ichoke ku Cuba

Nthawi iliyonse America ndi Russia akamatulutsirana maso, kaya ndi pa nkhondo ya ku Ukraine kapena pa zida za nyukiliya, sipalephera kupezeka wina wokumbutsa za 1962. Amati pulezidenti wa America John F. Kennedy anangouma khosi, mtsogoleri wa Soviet Union Nikita Khrushchev n'kugwidwa nthumanzi, n'kupakira mizinga yake kuchoka ku Cuba osalandirapo kanthu. Akatero amalangiza kuti kukhala pansi ndi mdani n'kufooka. Nkhaniyi ndi yoperewera, ndipo mbali imene imasiyidwayo ndi imene inaletsa nkhondo.

Pa 14 Okutobala 1962, ndege yaukazitape ya America ya U-2 inajambula malo amene dziko la Soviet Union linkakonzera mizinga ya nyukiliya ku Cuba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 145 kuchokera ku Florida. Akuluakulu a asilikali, monga Curtis LeMay, ankafuna kuphulitsa malowo. Kennedy anakana. Pa 22 Okutobala analengeza kuti sitima zankhondo za America zitchinga njira ya panyanja yopita ku Cuba.

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala pa 27 Okutobala. Tsikulo ndege ya U-2 inagwetsedwa ku Cuba ndipo woyendetsa wake, Rudolf Anderson, anafa. Tsiku lomwelo sitima ya pansi pa madzi ya Soviet Union, B-59, imene inanyamula chida cha nyukiliya, inazingidwa ndi sitima za America, ndipo mmodzi wa akuluakulu ake, Vasili Arkhipov, anakana kuti chidacho chiwombedwe. Pa nthawiyo America sinkadziwa kuti pachilumbapo panali asilikali a Soviet Union oposa 40,000, ndi zida zing'onozing'ono za nyukiliya zodikirira adani pagombe. Malangizo a LeMay akanatsatidwa, asilikali a America akanakumana nazo.

Madzulo a tsiku limenelo, Robert Kennedy, mng'ono wake wa pulezidenti, anakumana mwachinsinsi ndi kazembe wa Soviet Union Anatoly Dobrynin ku Washington. Anamutsimikizira zinthu ziwiri. Choyamba, America sidzaukira Cuba. Chachiwiri, mizinga 15 ya Jupiter imene America inaika ku Turkey, pakhomo penipeni pa Soviet Union, idzachotsedwa m'miyezi yowerengeka, bola nkhaniyo isatuluke. M'mawa mwake Khrushchev analengeza pa wailesi ya Moscow kuti achotsa mizinga ku Cuba. Pofika Epulo 1963, ya ku Turkey nayo inali itaphwasulidwa.

Chinsinsicho chinasungidwa chifukwa pulezidenti Kennedy sankafuna kukhumudwitsa mayiko anzake a mu NATO kapena kuoneka wogonja pamaso pa ovota. Chinaululika kwathunthu mu 1989, pamene Theodore Sorensen, mlangizi wa Kennedy, anavomera pamsonkhano ku Moscow kuti iye ndi amene anachotsa mfundo ya panganoli m'buku la Robert Kennedy lotchedwa Thirteen Days.

N'zoona kuti kutchinga njira ya panyanja kunamupanikiza Khrushchev, ndipo manyazi amene anachita pagulu anathandizira kuti anzake amuchotse pampando mu 1964. Koma kupanikizako pakokha sikunathetse mkangano. Aliyense mwa awiriwa anapereka kanthu, n'kumusiyira mnzake potulukira. Eniakewo anatolapo phunziro limeneli: mu Juni 1963 anagwirizana zokhazikitsa njira yotumizirana mauthenga mwachindunji pakati pa Washington ndi Moscow, ndipo mu Ogasiti anasainirana pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga ndi m'madzi.

Masiku ano mapangano otere akutha limodzilimodzi. La INF, lokhudza mizinga ya nyukiliya, limene Ronald Reagan ndi Mikhail Gorbachev anasaina mu 1987, linafa mu 2019. N'chifukwa chake bodza loti Kennedy sanapereke kanthu ndi loopsa, pakuti limalimbitsa mtima atsogoleri okana kukambirana. Aliyense wotchula 1962 pofuna kuyamikira kuuma khosi ayenera kufunsidwa kumene mizinga ya ku Turkey inapita.