Kodi Galu Angatumizidwe Kusukulu?

Ana athu amene ali ku Joni akamaimba lamya amatisimbira zambiri, ndipo nkhani imodzi imene yaseketsa anthu m'mabwato ndi pa mathandala a usipa kuno ku Nkholongue ndi yakuti kumeneko agalu amapita kusukulu yogonera komweko. Mwini galu amakamusiya kwa mphunzitsi masabata awiri, atatu kapena anayi, nalipira chakudya, malo ogona ndi maphunziro. Pomutenga amampeza atadziwa kukhala pansi akauzidwa, kubwera akaitanidwa, ndi kuyenda pambali pa mbuye wake osakoka chingwe. Ku America mtengo wa maphunziro otere kawirikawiri umaposa madola 1,000, ndalama zimene kwa msodzi wa kuno ndi ukonde watsopano ndi zotsala zake. M'mizinda ngati Lilongwe ndi Maputo namonso mukupezeka anthu olonjeza kuti ukawapatsa galu ndi ndalama adzakubwezera mlonda. Chotero funso la mtengo wake likutiyandikira, ndipo nkoyenera kuti tiliganizire tisanapimidwe nalo.

Ife a ku Mozambique sitiyenera kuseka kwambiri, pakuti galu wophunzitsidwa tili naye ngongole. Nkhondo itatha mu 1992, minda, njira ndi milatho zinatsala ndi mabomba okwirira pansi. Bungwe la Norwegian People's Aid linagwiritsa ntchito agalu onunkhiza mabombawo m'chigawo cha Tete, ndipo pa 17 September 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika kuti anali ndi mabomba ayeretsedwa. Pa ntchito yomweyo panalinso abwampini, makoswe aakulu aja amene anyamata athu amakumba kuthengo, ophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Morogoro m'dziko la Tanzania. Tikaona bwampini lero tizimulemekezako pang'ono! Ku Mfuwe, kum'mawa kwa Zambia, bungwe la Conservation South Luangwa linayamba mu 2014 kusunga agalu onunkhiza minyanga ya njovu, mfuti ndi nyama yophedwa mozemba, ndipo ku Malawi agalu otere anayamba ntchito pa bwalo la ndege la Kamuzu mu 2018. Agalu amenewa amadya ndalama zambiri, koma palibe amene amadandaula, chifukwa ntchito imene mphuno yawo imagwira palibe munthu angaithe.

Komatu pali chinthu chimodzi chimene masukulu oona a agalu amachita, chimene olonjeza zozizwitsa m'masabata awiri sachitchula: amaphunzitsa munthu pamodzi ndi galuyo. Taonani sukulu ya The Seeing Eye ya ku New Jersey, imene kuyambira 1929 yakhala ikuphunzitsa agalu otsogolera anthu osaona. Kagalu kakangosiya kuyamwa sikapita m'kalasi ayi. Kamaperekedwa kubanja wamba kuti kakule pakati pa ana, alendo ndi phokoso la pakhomo kwa chaka ndi miyezi ingapo. Kenaka kamakhala ndi mphunzitsi pafupifupi miyezi inayi. Pamapeto pake munthu wosaonayo amabwera yekha kudzagona pasukulupo masabata oposa atatu, akudyetsa galuyo ndi dzanja lake, akuyenda naye m'misewu m'mawa ndi madzulo, kufikira awiriwo atamvana. Galu mmodzi wotere amawononga madola oposa 50,000, ngakhale kuti wosaonayo amangolipira madola 150, mtengo umene sunasinthe chiyambire 1934, ndipo zotsalazo zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino. Ku Johannesburg kulinso bungwe la ntchito yomweyi limene mayi Gladys Evans anayambitsa mu 1953. Agalu a mabomba ndi a minyanga nawonso aliyense amakhala ndi womuyendetsa amene anaphunzira naye limodzi.

Ngati akatswiri otere sakhulupirira kuti galu angaphunzire payekha n'kungoperekedwa ngati wailesi yokonzedwa, ife tingakhulupirire bwanji? Galu amene wagona kwa mphunzitsi masabata atatu waphunzira kumvera mawu a mphunzitsiyo, pabwalo la mphunzitsiyo. Akabwerera kwawo amapeza bambo akumuitana mwina, mayi akumuthira madzi, ana akumunyengerera ndi nsima lero n'kumugenda mawa. Pakapita mwezi amakhala monga analili, ndipo ndalama zija zalowa m'madzi. Palinso china chotidetsa nkhawa: mwini galu saona zimene zikuchitika kuseri kwa mpanda. Pofuna kuti zotsatira zioneke msanga, aphunzitsi ena amamanga galu lamba wa pakhosi wogwidiza ndi magetsi, chipangizo chimene dziko la Wales linaletsa mu 2010. Galu wophunzitsidwa ndi mantha amaoneka wofatsa tsiku lomutenga, koma manthawo amadzatulukira pa mwendo wa mwana wa mnansi. Amene watsimikiza mtima kulipira aphunzitsi afunse kaye ngati adzaloledwa kuonerera maphunzirowo ndi kuphunzira nawo. Akamukaniza, abwerere ndi galu wake ndi ndalama zake.

Nanga galu wa kuno timamufunira chiyani? Timafuna athamangitse anyani ndi nguluwe m'minda ya chinangwa ya m'mapiri umu, auwe usiku kukabwera mlendo, asakwere pa thandala, asagwire nkhuku kapena ana a mbuzi, ndipo asalowe pakhomo pa anansi athu achisilamu amene chipembedzo chawo chimawalamula kusamala pa kukhudzana ndi galu. Zonsezi palibe sukulu ya mumzinda ingaziphunzitse, pakuti ku Johannesburg kulibe thandala la usipa. Amaziphunzira poyenda ndi mbuye wake kumunda ndi kudooko, ndiponso potsatira galu wamkulu wodziwa kale ntchito. Akatswiri a ziweto anapeza kuti nthawi imene kagalu kamazolowera anthu ndi ziweto zina ndi kuyambira sabata lachitatu kufika cha m'ma sabata 12 kapena 14 kabadwire. Makolo athu ananena kale kuti m'mera mpoyamba. Masabata amenewa kagalu kamakhala kali pakhomo pathu, ndipo mtengo wake ndi mitu ya usipa, makombo a kondowole ndi kuleza mtima. Galu wanjala amaba, angakhale atapita sukulu zingati.

Tinenepo mosabisa pa chizolowezi cha ena chotsekera galu m'bokosi tsiku lonse, kumudyetsa tsabola kapena chamba, akuti kuti akhale waukali. Kumeneko si kuphunzitsa, ndi nkhanza, ndipo galu wotere sasiyanitsa mbala ndi mwana wotumidwa kudzapala moto. Amene akulakalaka galu wachizungu wogula kutali akumbukirenso kuti nkhupakupa ndi kashembe wa m'tchire la Niassa sizifunsa mtengo umene galuyo anagulidwira.

Phunziro limodzi lokha ndilo tikupempha kuti banja lililonse lisalephere kupatsa galu wake: kubwera akaitanidwa ndi kulola kugwiridwa. Chifukwa chake ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 aliwonse omwalira nawo, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewo amawatenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala, koma agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ambiri anachita kubweretsedwa ndi eni ake, ena ndi ana aang'ono atawakoka pa chingwe. Galu amene amathawira kuphiri akaona chingwe ndi amene amaphonya jakisoni, ndipo ndi yemweyo amene amakumana ndi ankhandwe kuthengo.

Alangizi a ziweto akatidziwitsa tsiku la katemera tidzalinena pa zolengeza za Lamulungu, ndipo tikupempha akulu a mpingo kuti adzafikitse uthengawo kwa onse a m'mudzi, a mpingo wathu ndi ena omwe. Pakali pano, wina akalumidwa, ngakhale ndi galu wa pakhomo pomwe, chilondacho chitsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala ku Metangula tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo adwale.