Za Kugula Masipika ndi Mahedifoni



Yafika nyengo imene ambiri a inu mwagulitsa fodya, mtedza ndi soya, ndipo m'nyumba zambiri ana ayamba kuumiriza atate ao kuti awagulire sipika yoimbira nyimbo za m'foni, kapena timahedifoni tobvala m'makutu. Ine sindikuletsani ai. Koma ndalama ya mlimi idza kamodzi pa chaka, chifukwa chache ndifuna kukuuzani zoyenera kupenya musanamasule mfundo ya pa chitenje pamaso pa wogulitsa.

Chonyenga choyamba ndicho nambala yaikuru ya pa katoni. Mudzaona kasipika kokwana m'dzanja limodzi, koma pa katoni pache alembapo 1000 W kapena 3000 W, ndi malemba anai pambali, PMPO. Nambala imeneyo iri ngati mau a mlenje wosimba za njobvu pamene m'thumba mwache muli mbewa. Funani nambala ina, yolembedwa kawirikawiri kumbuyo ndi timalemba tating'ono, ya RMS, pakuti iyo ndiyo inena mphamvu imene sipika ikhoza kupereka kosalekeza. M'chipinda cha nyumba ya kumudzi 5 W kapena 10 W a RMS akwanira ndithu. Dziwaninso ichi: sipika ya 20 W siifuula kawiri kuposa ya 10 W. Kuwirikiza mawati kuonjezera madesibelo 3 okha pa muyeso wa phokoso, ndipo kuti khutu limve ngati mau akula kawiri, mawati ayenera kuchuluka monga kakhumi.

Musagule musanamve. Tengani foni yanu yokhala ndi nyimbo imene muidziwa bwino, ndiponso mau a munthu wolankhula chabe. Kwezani mau kufikira pafupi ndi mapeto. Ngati sipika iyamba kusasa kapena kunjenjemera monga chitini, isiyeni. Anyamata akonda kugunda kwa besi kumene kugwedeza mbale pa thandala, ndipo ogulitsa adziwa zimenezo, nayamba ndi nyimbo yogunda. Komatu sipika ya banja idzawerenganso uthenga wa maliro ndi mitengo ya mbeu pa wailesi, ndipo agogo ayenera kumva liu liri lonse. Ngati besi ichepa, ikani sipika pafupi ndi khoma kapena pangodya ya chipinda, ndipo idzakula popanda kulipira tambala. Za timagetsi tofiira ndi tobiriwira tothwanima, ndingonena kuti tidya batire.

Penyaninso umo ilandirira moto. Kumene kulibe magetsi, sankhani yochajidwa ndi chingwe cha USB monga foni, kuti kasola kamodzi katumikire zonse ziwiri. Sabufa yaikuru ifuna magetsi a 230 V kapena batire la 12 V, ndipo ambiri aigula, naisandutsa mpando. Yokhala ndi wailesi ya FM ndi polowetsa memori khadi iposa yodalira Bluetooth yokha. Musaisiye padzuwa, pakuti kutentha kukalambitsa batire msanga.

Tsono za mahedifoni. Kwa munthu wa ndalama zochepa, a chingwe ndiwo abwino: alibe batire loti life, ndipo pa mtengo umodzimodzi mau ao aposa a opanda chingwe. Mafoni ambiri sagwira wailesi ya FM popanda iwo, chifukwa chingwecho ndicho chikhala eriyo. Koma yambani mwapenya foni yanu ngati iri ndi kabowo ka mamilimita 3.5, pakuti a Apple anakachotsa pa iPhone 7 m'chaka cha 2016, ndipo ena ambiri anatsata. Foni yotere ifuna mahedifoni a USB-C kapena kachingwe kolumikizira. Chingwe chiduka pafupi ndi pulagi, choncho sankhani chokhala ndi mphira wochindikala pamenepo. Timphira tolowa m'khutu tidze ta misinkhu itatu. Kakakhala kosatseka khutu bwino, mau amveka opyapyala ngakhale mahedifoniwo akhale a mtengo wapatali. Opanda chingwe afika monga mamita 10 kuchokera pa foni, akondweretsa poyamba, koma timabatire tao tifooka pakupita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kawirikawiri sitisinthika. Ndipo kamodzi kakagwa m'munda mwa chimanga, kotsalako kasanduka kamasiye.

Maina monga JBL, Sony ndi Oraimo alembedwanso pa katundu wonyenga. Mukaona dzina lalikuru pa mtengo wa nkhuku yaing'ono, dziwani kuti mugula dzina lokha. Ndi bwino kutenga chinthu cha dzina losamveka chimene mwachiyesa ndi makutu anu. Pemphani lisiti, ndipo mufunse masiku amene mukhoza kubweza chikafa.

Kwa inu amai ndi atate ndinenanso za makutu a ana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti munthu wamkuru asapyole madesibelo 80 kwa maora 40 pa sabata, ndi mwana madesibelo 75, pakuti timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa ndi phokoso sitimeranso. Kumudzi tiribe choyesera madesibelo, koma chitani ichi: imani pafupi ndi mwana wobvala mahedifoni, pamene mkono wanu ukhoza kumkhudza, ndi kumuitana ndi mau a masiku onse. Akapanda kumva, atsitse.