MAKINA OLEMBA NDI MPHOTHO YA MLEMBI WA GANYU

Pali mlandu umene wabuka m'maiko a kutali, ndipo utsi wace wayamba kufika kuno kwathu. Tifuna kuukamba mwezi uno pamaso pa inu, abale ndi alongo a mu Mpingo, cinkana ena adzati, Nanga ife ogwira khasu tiri nao ciani mlandu wa alembi a ku America? Tiwayankha ndi mau a makolo akuti, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mlanduwo ndi uwu: anthu apanga makina odziwa kulumikiza mau, ndipo eni cuma ayamba kukana alembi, nati makina akwanira. Ife sitibvomera. Tinena poyera kuti m'menemo muli kuba, muli kulanda waumphawi, ndiponso muli bodza.

Inu nonse mudziwa ganyu. Munthu wosalembedwa nchito ya mwezi apita kwa mwini munda, napangana naye ndime, nalima, nalandira zace. Mawa afunanso kwina. Akadwala palibe womwerengera tsiku. Momwemonso pali alembi a ganyu, koma ndime yao iri ya mau. Wina alembera nyuzipepala nkhani imodzi, nalipidwa pa nkhaniyo. Wina alembera wamalonda mau otamanda katundu wace. Wina amasulira makalata a cipatala kucokera m'Cingerezi. Wina akonza buku la mnzace lisanapite kosindikiza. Ambiri apeza maganyu ao pa intaneti, pa misika yonga Upwork ndi Fiverr, kumene mlembi wa ku Nairobi apikisana ndi mnzace wa ku London. Akulu athu akumbukira mlembi wa pamudzi, amene analembera amai makalata opita kwa amuna ao ku migodi ya ku Joni, nalandira mazira kapena nkhuku. Alembi awa ndiwo adzukulu ace.

Tsono pa 30 November 1922 kudalibe munthu wolota cinthu cotere. Koma patapita zaka 100, pa 30 November 2022, kampani ya OpenAI ya ku San Francisco inaturutsa ChatGPT, ndipo enanso anatsatira, monga Gemini wa Google ndi Claude wa Anthropic. Dzina lace la zinthuzi ati nzeru zopanga. Mapangidwe ace ndi otere: makinawo amwetsedwa mau osawerengeka a m'mabuku, m'manyuzipepala ndi pa intaneti, kufikira adziwa kuti mau akuti akonda kutsatana ndi mau akuti. Ukawafunsa kanthu asankha liu loyenera kutsatira, ndi linanso, ndi linanso, kufikira tsamba ladzala. Afanana ndi munthu amene anakhala pa bwalo la milandu zaka zambiri, nazolowera manenedwe onse a mboni, kotero kuti akhoza kuimirira ndi kucita umboni wosalala pa mlandu umene sanauone konse.

Cifukwa cathu coyamba ndi ici: mau amene makinawo anamwa anali ndi eni ace, ndipo eniwo sanafunsidwe. M'mwezi wa September 1923 mlembi akadapeza buku lace m'thumba la wakuba akadaitana mfumu. Alembi a masiku ano anacita cimodzimodzi. M'September 2023 bungwe la alembi la Authors Guild, pamodzi ndi John Grisham ndi George R. R. Martin, linasumira OpenAI. M'December mwa caka comweco nyuzipepala ya New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft. M'caka ca 2025 woweruza William Alsup wa ku California anagamula kuti kuphunzitsa makina ndi mabuku ogula bwino sikulakwira lamulo, koma kusunga mabuku otengedwa ku malo akuba ndi mlandu wina. Pamenepo kampani ya Anthropic inabvomera kulipira madola 1,500,000,000, ndiwo ngati madola 3,000 pa buku liri lonse. Ndalama zambiri ndithu! Koma taonani amene analandira: eni mabuku olembedwa m'kaundula wa Boma la America. Mlembi wa ganyu, amene nkhani zace zazing'ono zamwazika pa intaneti monga mapira pa dwale, sanaitanidwe pa kugawako. Lamulo la anthu linene monga linena. Koma munthu akatapa m'nkhokwe za mudzi wonse dzanja limodzi limodzi, naphika nsima, nagulitsa kwa eni nkhokwe omwewo, kodi mudzamcha wocenjera kapena wakuba?

Ndiponso pali ena amene anagwira nchito ya makinawa kuseri. M'January 2023 magazini ya TIME inaulula kuti anyamata ndi atsikana a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, anakhala tsiku lonse kuwerenga nkhani zonyansa za ciwawa ndi zadama, kuti aphunzitse makina a OpenAI kuzipewa. Ndipo malipiro ao sanafike madola 2 pa ora. Makina oyera pakamwa anatsukidwa ndi ana a Afrika.

Cifukwa caciwiri: ganyu wayamba kusowa. Ophunzira atatu a ku Washington University ku St. Louis ndi ku New York University anawerenga maganyu a pa Upwork, napeza kuti ChatGPT ataturuka, alembi anataya maganyu 2 pa 100 ali onse, ndi ndalama zoposa 5 pa 100 mwezi ndi mwezi. Wina adzaseka, nati, Zocepa zimenezo. Anene cotero munthu wa malipiro a mwezi. Waganyu adziwa kuti mbale imodzi ya ufa ikacepa, amene agona ndi njala ndiye mwana wamng'ono. Ndipo kuwerengako kunacitika pa miyezi yoyamba yokha, mvula itangoyamba kuwaza. Cimene citiopsa koposa ndi cakuti alembi aluso, oyamikidwa ndi onse, sanapulumuke, koma anataya pamodzi ndi anzao. Tiphunzitsa ana m'sukulu kuti wogwira nchito bwino sadzasowa womlemba. Kodi tsopano tiwauze ciani?

Sikucepa kwa maganyu kokha, komanso kudzaza kwa msika ndi mankhusu. Ku America kuli magazini ya nthano, Clarkesworld, imene ilipira mlembi ali yense amene nthano yace yasankhidwa. M'February 2023 mkonzi wace, Neil Clarke, anatseka khomo kwa kanthawi, pakuti anthu ofuna ndalama za msanga anamtumizira nthano mazana za makina, kufikira sanakhoze kupeza za anthu pakati pa izo. Wosalima anatsekereza wolima pa cipata.

Cifukwa cacitatu, ndico cacikulu kwa ife Akristu: makinawa anama osacita manyazi, popeza alibe nkhope. Nyumba ya nkhani ya CNET inasindikiza nkhani 77 zolembedwa ndi makina, ndipo m'January 2023 inakonza zolakwa m'nkhani 41 mwa izo. M'June 2023 woweruza wa ku New York analipitsa maloya madola 5,000, cifukwa anabwera ku bwalo ndi milandu yakale imene ChatGPT anaipeka yekha. M'November 2023 kunadziwika kuti magazini ya Sports Illustrated inaturutsa nkhani zokhala ndi maina ndi zithunzi za alembi amene sanabadwe ndi mkazi. Ndipo m'May 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inalangiza owerenga ace mabuku 15 oti awerenge. Koma 10 mwa iwo kulibe pansi pano, cinkana anapacikidwa pa maina a alembi enieni. Mau onsewa anali osalala, okoma m'khutu, opanda cilema ca galamala. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tidziwa cimene otsutsana nafe adzanena. Adzati, Tsobola wakale sawawa. Inu aphunzitsi muopa cinthu ciri conse catsopano. Kodi cigayo sicinapumitse amai ku mtondo? Kodi makina osindikiza sanacotse nchito kwa okopera mabuku ndi manja, ndipo ndani alira lero? Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo tiyenera kuwayankha bwino. Cigayo cipera cimanga cimene mwasenza nokha. Sicipita usiku kukatapa m'nkhokwe ya mnansi wanu. Mukathira cimanga citurutsa ufa, sicisanganiza ndi phulusa ndi kukuuzani kuti ndi ufa woyera. Makina osindikiza nawo acurukitsa mau a munthu, ndi dzina lace pamwamba, kuti akanama adziwike. Zonse ziwirizi zicotsa thukuta, koma zisiya mwini pa malo pace. Makina atsopanowa acotsa mwiniyo, nasiya mau opanda woyankha mlandu wace.

Adzatinso, Nanga waumphawi wosakhoza kulipira mlembi, simufuna kuti makina amthandize kulemba kalata wace wofunsira nchito? Amthandize ndithu, sitiletsa. Sitinena kuti makinawa aponyedwe m'nyanja, kapena kuti ali a ziwanda. Nkhwangwa iri bwino m'dzanja la mmisiri. Cimene tikana ndi umbombo wa eni cuma, amene akhoza kulipira koma safuna, naika nkhwangwa pa mpando wa mmisiri. Cilamulo ca Mose, m'buku la Levitiko ndi la Deuteronomo, ciletsa ngakhale kucedwetsa malipiro a waganyu. Nanga kutenga luso lace lomwe ndi kumpitikitsa nalo?

Kuti cinthuci cikhoza kuikidwa malire, alembi a mafilimu a ku America anaonetsa. Iwo, ngati anthu 11,500 a m'bungwe la Writers Guild of America, analeka nchito pa 2 May 2023, napirira masiku 148 kufikira pa 27 September. Pa pangano limene anapata panalembedwa kuti makina sadzayesedwa mlembi, ndi kuti mwini kampani sakhoza kukakamiza mlembi kuwagwiritsa nchito. Mutu umodzi susenza denga. Koma iwo anali ndi bungwe. Mlembi wa ganyu akhala yekha m'kacipinda kace, ndipo akakana mtengo wocepa, mnzace wanjala aulandira.

Kwa alembi omwe tiri ndi mau. Mabuku onama a ku Chicago aja anapita kosindikiza kupyolera m'dzanja la mlembi wa ganyu, amene anafunsa makina, osayesa yankho lace. Mlembi wotere akumba yekha manda a nchito yace. Pakuti ngati iye angotola za makina, mwini cuma adzati, Ndikatole ndekha. Ndiponso pali ganyu wina amene sitimlirira: wa iwo olembera ophunzira aulesi a ku Ulaya ndi America mayeso ao, malonda amene anakula kwambiri ku Nairobi. Makina akalanda ganyu ameneyo, bodza langosintha mwini. Cuma ca mlembi woona ndi ici: anapita, anaona, anafunsa, ndipo alola kuika dzina lace. Baruki analemba mau a Yeremiya nadziwika, nalowa m'zoopsa cifukwa ca iwo. Tertio, wolembera Paulo kalata wa kwa Aroma, anachulamo dzina lace. Makina sadzaima pamaso pa mfumu Yehoyakimu.

Tsopano tibwere kwathu. Google Translate inalandira cinenero cathu m'December 2014, ndipo omasulira a maiko ambiri apatsidwa tsopano zimene makina amasulira, nauzidwa kuti angokonza, pa mtengo wocepa. Koma mau a Cicewa ali ocepa pa intaneti poyerekeza ndi a Cingerezi, cifukwa cace makina apunthwa kawirikawiri m'cinenero cathu, nabveka Cingerezi nsaru ya Cicewa. Nkhani ya mpira ikalakwika tidzaseka. Koma pepala la mamwedwe a mankhwala, kapena la kathiridwe ka feteleza, likalakwika, kudzakhala maliro ndi njala. Kumbukirani kuti Buku Lopatulika linaturuka m'caka ca 1922, patapita zaka zoposa 20 ciyambire nchitoyo, William Murray wa ku Nkhoma ndi anzace alikufunsa eni cinenero liu ndi liu. Kumbukiraninso Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene buku lace la Nthondo linapata mphotho m'caka ca 1933. Mphothoyo inalimbitsa dzanja lace, nalembanso ena. Tikaleka kulipira alembi athu lero, adzaturuka kuti a Ntara a mawa? Ndipo makina omwewo adzamwa kuti mau atsopano, citsime citaphwa?

Cifukwa cace, abale, tikupemphani zinthu zitatu. Mpingo, sukulu kapena bungwe la pamudzi likafuna mau olembedwa kapena omasuliridwa, liitane munthu, limlipire monga mwa pangano, osacedwa. Mukawerenga kanthu pa foni kapena pa pepala, funsani kuti, Walemba ndani, ndipo anaona yekha kodi? Mau opanda mwini muwayese monga nyama yotola pa njira. Ndipo inu ana athu okhala ndi mphatso ya kulemba, musagwe mphwayi, koma gwirizanani, lembetsani nchito zanu ku COSOMA, bungwe limene liyang'anira umwini wa zolemba m'Malawi ciyambire 1992. Lembani za mudzi wanu, za maliro ndi maukwati, za mvula ndi milandu, zimene makina sanazione. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tatsina, amene wamva kuwawa adzuke kusanace.