Chenjezo: Musayatse Moto M'phiri la Mulanje, Mkungudza Watsala Pang'ono Kutheratu

Kwa mafumu, alenje, ocheka matabwa, osema ziboliboli ndi nonse okhala m'munsi mwa phiri, kuyambira ku Likhubula mpaka ku Muloza ndi ku Phalombe.

Udzu wauma m'phiri. Chonde musayatse moto posaka nyama, pofula njuchi kapena polambula njira. Mkungudza wa Mulanje, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu mu 1984, sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha ili chilili m'phiri lonse. Chiyembekezo chatsala pa mbande zoposa 500,000 zomwe anthu a m'midzi anafesa m'manazale mothandizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust, ndipo mitengoyi idakali yanthete.

Ena amati mkungudza ukapsa umaphukiranso. Akusokoneza mitengo iwiri yapachibale. Wina, Widdringtonia nodiflora, ndi waufupi, ndipo moto ukadutsa umatulutsa mphukira zambiri pachitsa. Koma mkungudza wa Mulanje wamatabwa onunkhira uja, Widdringtonia whytei, ukapsa wapsa, chitsa chimangotsala chakuda. Ikadali mbande, mitengo iwiriyi njovuta kuisiyanitsa ndi maso. N'chifukwa chake akatswiri amathyola timasamba n'kukapima DNA yake, kuti adziwe mtundu weniweni komanso kuti mitengoyo ndi yapachibale motani.

Apa ndi pamene pali nkhawa yaikulu. Popeza mitengo yobereka inadulidwa, njere zambiri zikuchokera ku mkungudza wobzalidwa kale kuphiri la Zomba. Mbande zikachokera kwa makolo ochepa zimafanana chibadwa, choncho chilala chimodzi kapena tizilombo ta mtundu umodzi tingazigwetse zonse pamodzi. Nsabwe za m'mitengo zomwe zinabuka m'Malawi mu 1986 zinaumitsa mkungudza wambiri. Mtengo uliwonse wopulumuka ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Sombani ungakhale ndi mphamvu yopirira imene inzake ilibe, ndipo ukapsa palibe labotale yomwe ingaibwezere.

Musatole njere mwachisawawa n'kuzisakaniza ndi za ku nazale. Musagule matabwa kapena timabokosi ta mkungudza, ngakhale wogulitsa alumbire kuti mtengowo unagwa wokha. Mukaona utsi kapena kumva macheka m'phiri, dziwitsani mfumu, a zankhalango kapena apolisi tsiku lomwelo, osadikira mawa.