Ndemanga: Thumba la feteleza si chonde

Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, nkhani m'dziko muno imakhala imodzi: feteleza wafika kodi? Mayina alembedwa a yani? Thumba likugulidwa bwanji? Aphungu amalozana zala ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ife a m'tauni timalandira mauthenga ochokera kumudzi opempha ya matumba awiri. Koma za nthaka imene fetelezayo akukathiridwamo, ofunsa ndi ochepa. Ife tikuti pamenepo ndiye pagona nkhani.

Makolo athu sankadziwa feteleza, komatu sankalima mwaumbuli. Munda ukayamba kuguga ankausiya tsala zaka zingapo, nakaswa mphanje pena. Udzu ankaukwirira m'matutu kuti uolere momwemo, phulusa la mitengo linkabwezera mphamvu m'dothi, ndipo chimanga, mapira, nandolo, khobwe ndi maungu zinkamera m'munda umodzi. Abale amene munakhalapo kumpoto kwa Zambia munaona chitemene cha Abemba, chomwe nzeru yake ndi yomweyo. Ulimi wotero umafuna malo ambiri. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Pakati apo, maesiteti a fodya a m'ma 1970 ndi 1980 anameza malo ambiri amene kale anali m'manja mwa mafumu. Tsala linatha. Munda womwewo unayamba kubereka chimanga chaka ndi chaka, osapuma.

Atsamunda vutoli analiona msanga, koma mankhwala awo ndiwo anaipitsa bala. Lamulo la zachilengedwe la 1946 linapatsa boma mphamvu yokakamiza anthu kusiya matutu, kulima mizere yopingasa ndi kukumba milambala. Njala ya 1949 itapha anthu m'chigawo chakumwera, boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbitsa dzanja. Wolephera kumvera ankalipitsidwa chindapusa, kuzulidwa mbewu, ena kutsekeredwa kumene. Anthu anawatcha malamulowo malimidwe, ndipo dzinali linasanduka ngati temberero. Ku Shire ya kumunsi, kumene mizere sinkagwirizana ndi dothi la m'zigwa, anthu anamenya imene amaitcha nkhondo ya mitumbira. Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a ulimiwo, ndipo inachotsedwa pampando.

Mizere yopingasa pamalo otsetsereka si chinthu choipa, ndipo lero tonse timalima mizere popanda msilikali kumbuyo. Chimene chinalakwika n'chakuti mlangizi anabwera ngati wapolisi, ndipo sanafunse mlimi chifukwa chimene agogo ake ankaumbira matutu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, tinkaimba kuti chuma chili m'nthaka, koma malangizo amene anafika kwa mlimi kwenikweni anali a chimanga cha haibridi, feteleza ndi ngongole ya kalabu. Nthakayo inatengedwa ngati mbale chabe yothiramo za m'thumba.

Akatswiri a za nthaka amanena zosavuta kumva. Chimanga chimadya nayitrojeni wambiri, ndipo thumba la yureya, wobereketsa uja, lili ndi magawo 46 pa 100 a mchere umenewu. Koma kuti mbewu idye, mcherewo uyenera kusungunuka m'chinyezi ndi kukhazikika pamene pali mizu. Chimene chimagwira madzi ndi mchere m'dothi ndi zinyalala zoola: masamba, mapesi, mizu, ndowe, zija zimadetsa dothi. Dothi lamchenga lopanda zimenezi lili ngati lichero. Mvula ikagwa yamphamvu feteleza amatsika kupitirira mizu. Kukachita ng'amba ya masabata awiri, chimanga chimafota fetelezayo ali pomwepo. Kuthira yureya zaka zambiri popanda kubwezeramo manyowa kumachulukitsanso asidi m'dothi, ndipo m'dothi la asidi mbewu imavutika kupeza fosifolasi ngakhale wokulitsa wathiridwa. Pansi pa mizere, pamene khasu limalekezera chaka ndi chaka, pamaumbika nthaka yolimba imene mizu ndi madzi sizidutsa. Mukaona kaufiti wafiira m'munda wa amalume anu, dziwani kuti si anthu akuchita: ndi chizindikiro cha nthaka yoguga.

Onjezani kukokoloka. Kafukufuku amene bungwe la FAO linatulutsa mu 2016 anapeza kuti mu 2014 Malawi ankataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Dothi lopita ndi lapamwamba, lachonde lija. Lina limakathera mu Shire, kumene limakwirira madamu a magetsi a Nkula ndi Kapichira, choncho wa m'tauni asaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha.

Nanga maboma achita chiyani? Sabuside atachotsedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, kunabwera sitata paki mu 1998. Mu 2005 kunabwera makuponi a Bingu wa Mutharika. Mu 2020 kunabwera AIP, thumba pa K4,495. Sitikunyoza: feteleza wapulumutsa mabanja ambiri, ndipo wokuuzani kuti dziko la anthu ochuluka chonchi lingadye ndi manyowa okha akukunamizani. Koma ndalama zochuluka za unduna wa zaulimi zakhala zikuthera m'thumba, pamene alangizi akuchepa ndipo malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Lunyangwa akungolandira zotsala. Chifukwa chake sichobisika. Thumba limaoneka pamsonkhano wa ndale. Chonde chimatenga zaka kuti chibwerere, ndipo sichiimba nyimbo yotamanda aliyense. Chilala cha 2024 chitafika, boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo feteleza amene anali atathiridwa kale sanathe kusunga chinyezi m'munda ngakhale tsiku limodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira zilipo, ndipo si zochokera kutali. Mtengo wa msangu, umene waima m'minda ya ku Salima ndi ku Bwanje, umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphukira m'chilimwe. Chimanga cha patsinde pake chimalandira manyowa popanda kutchingidwa dzuwa. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi a ku Maradi ndi Zinder anayamba m'ma 1980 kuleka kudula mphukira za mitengo m'minda yawo, msangu womwewu pakati pake, ndipo mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anabiriwiranso. Kwathu kuno, kafukufuku wa ku Makoka, ku Zomba, anaonetsa kuyambira m'ma 1990 kuti masamba a gliricidia okwiriridwa m'mizere amakweza zokolola za chimanga, makamaka akaphatikizidwa ndi feteleza pang'ono. Ku Ekwendeni, kuyambira chaka cha 2000, alimi akhala akubzala nandolo pamodzi ndi mtedza, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga. Timibulu ta kumizu ya mbewu zimenezi timakola nayitrojeni mumpweya, kwaulere.

Tisabise zovuta. Msangu umachedwa kukula. Kompositi imafuna madzi ndi thukuta. Nandolo wosiyidwa m'munda m'chilimwe amadyedwa ndi mbuzi za eni, ndipo mu 2017, India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo unagwa alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Izi mlimi sangazithetse yekha. Za mbuzi ndi moto wa osaka mbewa ndi ntchito ya mafumu ndi anthu awo, mokambirana, osati mwa chindapusa cha malimidwe. Za misika ndi ntchito ya boma.

Kwa aphungu pempho lathu ndi ili: pokambirana bajeti, funsani kuti pa kwacha iliyonse yogulira feteleza, ndi tambala zingati zikupita ku alangizi, ku mbewu ya nyemba ndi ku kuyeza nthaka dera ndi dera, pakuti dothi la ku Thyolo si dothi la ku Nsanje. Ndipo inu a ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi, potumiza ya matumba awiri chaka chino, onjezanipo ya mbewu ya nandolo kapena mtedza, ndipo mufunse amene akukulimirani kuti mapesi a chaka chatha anawakwirira kapena anawatentha.