Eni nyumba, loko si chigamulo cha khoti

Pa Thuchila, monganso pa Nkando ndi misika ina ya m'boma la Mulanje, bizinesi ikagwa pamabuka mlandu wachiwiri. Mwini nyumba amabwera ndi loko wake, n'kutsekera m'kati makina osokera, firiji, makina owotcherera zitsulo kapena mota ya chigayo, ati mpaka lendi ya miyezi itatu ilipidwe. Pakapita masabata, katundu uja amapezeka wagulitsidwa mwakachetechete, pa mtengo umene wadziikira yekha wogulitsayo. Ife tikuti khalidwe limeneli ndi lonyansa, ndipo lithe.

Ngongole ya lendi ndi ngongole ndithu, sitikukana. Eni nyumba ambiri ndi okalamba amene amadyera pa timashopu tomweto. Koma kukhala ndi ngongole sikuchotsa munthu pa chitetezo cha malamulo. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 29 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito yopezera zosowa zake. Njira yoitanitsira ngongole ilipo: kukasuma kwa majisitireti ku Mulanje, ndipo ngati katundu ayenera kugwidwa, agwidwe kudzera kwa a sherifu, alembedwe, agulitsidwe poyera, chotsala chibwerere kwa mwini wake.

Taganizani amene akutsekeredwa katunduwo. Ndi anthu amene anakhala osagwira ntchito masiku ambiri magetsi akuzimazima namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ya makasitomala awo ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Telala amene watseka shopu m'nyengo yotere sanaitseke chifukwa cha ulesi. Makina ake akanakhala nawo, akanasokera pakhonde mayunifomu a ana asukulu, n'kumabweza pang'onopang'ono. Kumulanda makina kuli ngati kulanda mlimi khasu kenako n'kumamufunsa chimanga.

Choipitsitsa n'chakuti nthawi zambiri katunduyo si wa wochita lendiyo. Firiji ndi yobwereka kwa mlamu wake, jenereta inagulidwa ndi ngongole ya bungwe la NEEF kapena ya banki mkhonde, ndipo mwina inaikidwa kale chikole motsatira lamulo la 2013 la chikole cha katundu wonyamulika. Mwini nyumba amene wagulitsa zotere wadziputira mlandu woposa lendi imene amalondola.

Apolisi ndi mafumu amene amaperekeza eni nyumba kukathyola zitseko achite manyazi. Yunifomu ya boma si yotolerera ngongole za anthu. Nanunso ochita lendi amene mumasamutsa katundu pakati pa usiku osatsanzika, mukuipitsira anzanu. Ndinu amene mumapatsa eni nyumba chifukwa chogulira loko.

Mikangano yambiri imayamba chifukwa mgwirizano unali wapakamwa. Khonsolo ya Mulanje ndi makomiti a misika aonetsetse kuti aliyense wolowa m'shopu walemberana ndi mwini nyumba pamaso pa mboni: lendi ndi zingati, notisi ndi ya masiku angati, katundu amene walowa ndi wa yani. Eni nyumba amene mukusunga makina a anthu lero, tsegulani zitsekozo, bwezani katunduyo, ngongole yanu mukaitanitse kukhoti.