Ulendo wa wophunzira suthera pageti la yunivesite

Ndili chaka chachitatu ku yunivesite, tsiku lina ndinatuluka mulaibulale cha m'ma 10 koloko usiku. Mayeso anali atayandikira, ndipo komwe ndinkachita lendi magetsi anali atazima, ndiye ndinangoti ndiwerengere pasukulu pomwepo. Mlonda wa pageti ananditsanzika bwinobwino. Nditangoyenda pang'ono, kuwala konse kunathera kumbuyo kwanga. Ndinayatsa tochi ya pafoni, osadziwa kuti ndikudziulula ndekha. Anyamata awiri anavumbuluka m'chimanga, wina kundigwira pakhosi, winayo kutsomphola foni ndi chikwama. M'chikwamamo munali laputopu yobwereka komanso ntchito yanga yonse ya semesita imeneyo.

Kutacha, aliyense ankandifunsa funso limodzi: “Nanga iwe umayenderanji wekha usiku?” Palibe anafunsako chifukwa chomwe njira yodutsamo ophunzira miyandamiyanda tsiku lililonse inalibe babu ngakhale limodzi.

Apa mpamene pagona nkhani yanga. Malo ogona m'mayunivesite athu a boma ndi ochepa, choncho ambiri timakhala kunja kwa mpanda. Ku Zomba, ophunzira ambiri a University of Malawi amachita lendi ku Chikanda. Mzuzu University ili ku Luwinga, m'mbali mwa msewu wa M1 momwe mumadutsa mathiraki. MUBAS ku Blantyre yagundizana ndi msewu wa Masauko Chipembere, umodzi mwa misewu yotanganidwa kwambiri mumzindawu. Wophunzira wa malo ngati amenewa sukulu yake imayambira pakhomo la kachipinda ka lendi, osati pageti. Ndipo ulendo wonsewo ndi wapansi, chifukwa ya kabaza tsiku ndi tsiku ndani angakwanitse?

Ena anena kuti kunja kwa mpanda ndi nkhani ya khonsolo ndi apolisi. Zoona, yunivesite singakonze misewu ya tauni yonse. Koma ikalemba ophunzira ochuluka kuposa mabedi omwe ili nawo, ikudziwa kale kuti enawo azibwerera mumdima. Ikatsegula laibulale mpaka usiku, ikudziwa kuti wotulukamo sakauluka. Kusamba m'manja pamenepa ndi kuthawa udindo basi.

Zofunikazo si zodula kwenikweni. Magetsi a sola m'njira ziwiri kapena zitatu zomwe ophunzira amadzera kwambiri, kuti ena akazima awo aziyakabe. Kutchetcha tchire m'dzinja, udzu ukamafika m'chiuno. Mahampu ndi malo owolokera anthu pafupi ndi mageti. Kuvundikira ngalande za mkati mwa sukulu momwe, poti mnzathu wa vuto losaona kapena woyendera njinga ya olumala, ngalande yosatseka ndi msampha ngakhale masanasana. Malandilodi omwe amatilipiritsa mwezi ndi mwezi aike babu panja, ndipo mafumu ndi achitetezo cha m'dera akhale nawo pazokambirana. Inunso a bungwe la ophunzira, nkhani iyi izimveka pakampeni monga momwe imamvekera ya fizi.

Komano tisanamizane, nafenso tili ndi mbali yathu. Kangati mwaona munthu akuwoloka msewu maso ali pa TikTok, makutu atatseka ndi mahedifoni? Njinga yamoto ya kabaza ikaimba hutala iye sakumva. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye pamsewu wopanda njira ya apansi yendani chakumanja kuti muziyang'anizana ndi zomwe zikubwera. Usiku valani chowala; dalaivala sangaone munthu wovala zakuda mpaka atamufika pafupi. Foni ikhale m'thumba, chifukwa kuwala kwake kumaonekera patali ndipo kumakuchititsani khungu pa zomwe zili m'mbali. Kanjira kachidule kodutsa m'munda kasiyeni kakhale ka masana.

Chachikulu, dikiranani. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Tili ndi magulu a WhatsApp a chilichonse, a mpira, a miseche, a manotsi. Kulephera kukhala ndi limodzi loti “ndikutuluka 9 koloko, wopita kwathu kuno ndani?” Anyamata, kuperekeza mtsikana wa m'kalasi mwanu si mwayi womufunsira; mufikitseni pakhomo, mubwerere. Atsikana ambiri amasiya kuwerenga dzuwa likangolowa chifukwa choopa njira, pomwe mayeso tonse timalemba amodzimodzi.

Zikakuchitikirani, musalimbane nawo, katundu amagulidwa. Kanenenei kupolisi ndi ku ofesi yoona za ophunzira, ngakhale mukudziwa kuti foniyo sibwera. Ine sindinakanene, ndinkachita manyazi. Patangotha sabata ziwiri, mnzanga wina anamuchita chipongwe pamalo omwewo, ndipo iye anatuluka ndi bala m'mutu. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndikanayankhula, mwina pakanaikidwa mlonda kapena babu.

Makolo athu amagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti tikatenge digiri. Chomwe akuyembekezera n'choti tibwere nayo tili amoyo.